Ife a Kunsi kwa Mzere

Kheni yothirira ija inali yobiriwira, yodontha pansi, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Ndinayenda nayo nyengo yonse yotentha ya chaka chimene ndinali mu Giredi 7, kuchokera kumtsinje wa Chalimbana kukwera kudimba la sukulu. Mpaka lero ndikamva fungo la manyowa a nkhuku atanyowa, mapewa anga amawawa.

Zinayamba Lolemba lina. Ahedi analowa m'kalasi nanena kuti akuluakulu a ku Lusaka akweza mamakisi opitira ku Fomu 1. Anatilembetsa mayeso oyeserera, nandandalika maina athu pabolodi monga mmene tinakhozera, kenaka anadula mzere ndi choko. Mzerewo unadutsa pakati pa ine ndi mnzanga wa benchi imodzi. Iye pamwamba, ine pansi.

"Imwe bapansi apa, nakusankhani," anatero ahedi. "Chipani na Boma lake chifuna manja yolima."

Ndinali mwana wamanyazi. Panalibe munthu amene anandisankhapo pa chinthu chilichonse, choncho mawu amenewo ndinawameza onse.

Kuyambira pamenepo anzathu a pamwamba ankatsala m'kalasi mpaka dzuwa litapendeka. Tinkawamva pawindo akuimba masamu, ife tikupha mbozi m'kabichi ndi zala. Dothi linkatentha kumapazi. Tomato akapsa ankapita kunyumba za aphunzitsi m'beseni, ndipo wosenza ndinali ine.

Sindinapite patali ndi sukulu, koma masamu a ahedi ndinadzawamvetsa. Ukalembetsa ana ochepa, okhoza okhaokha, sukulu yako imaoneka ngati yophunzitsa bwino. Bambo wamkulu wovala tayi, wopita mpaka ku koleji, nzeru zake zonse zinathera pobisa ana m'kabichi. Nawonso a ku Lusaka anakweza mamakisi ali pamipando yofewa, osatumiza ngakhale buku limodzi, pamene ife tinkaunjikana mitu pa buku lopanda chikuto. Mwana wanga akadali kumsana, koma tsiku limene mphunzitsi adzamuuze kuti wasankhidwa, ndidzapita kukafunsa kuti wasankhidwira chiyani, manyazi angawa ndidzawasiya pakhomo.

Chaka chimenecho amalume anapita kwa ahedi kukafunsa za ine, chipewa chili m'manja. Anabwerako atanyamula kabichi wamkulu kukhwapa. "Akuti azalemba chaka chamawa," anauza amayi. Kabichiyo tinadya masiku awiri. Chaka chamawacho ahedi anati malo a obwereza palibe.

Tsiku la mayeso woyang'anira anafika panjinga kuchokera kusukulu ina. Anzathu anafola pakhomo la kalasi, aliyense pensulo yosongoka m'manja, ena akunong'onabe masamu. Ndinawamvera chisoni. Ine ahedi anandipatsa dengu la tomato kuti ndikapereke kwa mlendoyo. Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira amayi.

"Uyu ndiye mwana waulemu," anatero mlendo uja. Chitseko chinatsekedwa, ine ndili panja.

Ndinathamanga njira yonse kupita kwathu. Amayi ndinawapeza pamkeka akusankha nshawa zobzala, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana. Ndinawafotokozera zonse, za dengu, za kugwada, ndi zimene ananena mlendo pamaso pa sukulu yonse. Sanadzutse mutu. Zala zawo zinaima m'lichero, kenaka zinayambanso.

"Khala pansi, unithandize," anatero.

Ndinaganiza kuti sanamve bwino. Ndinabwerezanso nkhani yonse, mokweza.