Raphael ndi Phewa la Apongozi

Raphael anabadwira ku Champiti. Sukulu anailekera panjira, koma akamayankhula mungayese ndiye anaphunzitsa aphunzitsi. Anagulitsapo mayunitsi, anatchajapo mafoni a anthu, anapalasapo kabaza mpaka njinga inathyoka foloko. Atakwatira Zione anatsikira ku Bwanje kukakhala chikamwini, ndipo ataona mpunga uli wee m'sikimu, anati basi, umphawi watsanzika.

Anayambitsa kampani yogula mpunga, kuupeta ndi kuulongedza m'timatumba tokhala ndi chithunzi cha nkhope yake akumwetulira. Malo analibe. Apongozi ake, Anangozo, ndiwo anamubwereka kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yawo, ndiponso ndiwo anaitana anzawo akutchalitchi kuti azidzapeta nawo. Kampani yonse inatsamira pa mayi ameneyu. Ankagwira ntchito chakumapeto, atapereka msana, monga achitira mpongozi aliyense pamene pali mkamwini, ndipo mawu ankadutsira kwa Zione. Zinthu zinkayenda.

Kenaka Raphael anapita ku maphunziro a achinyamata abizinesi ku Lilongwe. Anabwerako ndi tisheti, cholembera, ndi nzeru zosefukira.

"Mtsogoleri wamakono amawerenga mitima, mayi akunyumba," anamuuza Zione. "Wantchito umuyang'ane m'maso, umutchule dzina lake lenileni, umugwire paphewa. Akatero amamasuka."

"Onse?" anafunsa Zione.

"Onse. Pakampani palibe tsankho."

"Ndati onse, bambo?"

Nkhope ya Zione inali itasintha moti ngakhale mbuzi ikanazindikira. Katswiri wowerenga mitima sanaone kanthu.

M'mawa mwake anaimitsa amayi aja mozungulira, malichero ali m'manja. Anayamba ndi mayi wina wachikulire, kumufunsa mmene akumvera mumtima. Mayiyo anati mumtima muli bwino, koma msana. Raphael anagwedeza mutu mwachifundo chimene anachiyeserera pagalasi, n'kupitirira. Anangozo ataona kuti akulunjika kwa iwo anayamba kubwerera chafutambuyo, mpaka khoma linawaletsa. Mkamwini anafika, anawerama kufunafuna maso awo, n'kuika dzanja paphewa pawo.

"Lufina, masukani. Mukumva bwanji lero?"

Dzina limenelo analiiwala ngakhale abusa amene anawabatiza. Lichero lina linagwa, nkhuku n'kuthamangira mpunga, osapezeka wozipirikitsa. Anangozo anakoka chitenje kuphimba kumaso, n'kutuluka. Anzawo anawatsatira mmodzimmodzi. Womaliza anatembenuka pakhomo: "Achimwene, ku Lilongweko anakuphunzitsani kapena anakulodzani?"

Raphael anamuuza Zione kuti asadandaule, kumeneko n'kukhudzidwa mtima, ndiye kuti njirayo ikugwira.

"Amayi sanadye," anatero Zione. "Tumani ankhoswe akapepese, apo ayi kanyumbako mukaiwale."

Apa ndi pamene munthu wamba akanagula nkhuku n'kutuma malume ake. Koma Raphael sanali munthu wamba. Anaphunzira kuti mtsogoleri sabisala kumbuyo kwa ena, amakumana ndi vuto maso ndi maso. Madzulo dzuwa lisanalowe anapeza apongozi atakhala pamphasa akusadzula ndiwo. Sanaodire patali, sananjute. Anavula nsapato, n'kukhala pamphasa pomwepo, bondo kugunda bondo.

"Ndabwera kuti tikambirane zakukhosi, awiriwiri."

Akuti Anangozo, amene akhala akudandaula nyamakazi kuyambira kalekale, anadumpha ngati mtsikana wa netibo. Kufuula kwawo kunaimitsa anthu amene ankadutsa panjinga kumsewu.

Ankhoswe anakumana ndithu, koma osati pa nkhani ya kampani. Anagwirizana kuti banja lisathe, poti Zione anati mwamuna wake si woipa, kungoti anapita ku semina. Za kanyumba sanataye nazo nthawi: Anangozo anali atalowetsamo kale mbuzi zawo. Amayi opeta aja tsopano amagulitsa okha mpunga kwa mavenda, m'matumba opanda nkhope ya munthu.

Raphael akadali ku Bwanje. Mukamupeza pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo, adzakuuzani kuti kampani yake inagwa chifukwa anthu akuno sadziwa kufotokoza zimene akumva. Apongozi akamatulukira kuchokera kumunda, amene amayamba kuthawira kuseri kwa chigayo ndi iyeyo, chifukwa masiku ano mayiwo amayenda ndi chikwanje.