Mashingozi a Mayi Akunyumba Kwanga

Anayamba ngati kuyabwa pansi pa bere lamanzere. Kenaka panatuluka matuza, mzere umodzi wochoka pachifuwa mpaka kumsana, ngati munthu wawakwapula ndi waya wamoto. Zinali zaka zija mankhwala otalikitsa moyo atangofika kumene ku Thyolo, ine nditapuma kale ntchito ya ukalaliki pa esiteti.

Masiku amenewo aliyense kuno ankaganiza kuti akudziwa tanthauzo la mashingozi. Otchola tiyi akaona mnzawo ali ndi zipsera zotere, ankangotsinana n'kusuntha madengu awo. Wa mashingozi ndiye kuti ali ndi kachilombo, basi.

Mpongozi wathu, mkazi wa mwana wathu wamwamuna, ankaphunzitsa pasukulu ya pa esiteti. M'mawa uliwonse ankasiya khanda lake kwathu, ndipo mayi akunyumba kwanga ankaliberekera kumsana mpaka iye ataweruka. Mwana ameneyo ndiye anali ntchito yawo, ndiye analinso chimwemwe chawo. Tsiku lomwe mpongoziyo anaona matuza aja, anagwada bwinobwino pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, mupume kaye. Mwanayu ndimupezera pena." Sanabwerenso naye.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi, amayi a pabenchi lawo anawasiyira mkazi wanga malo aakulu ngati akubwera ndi katundu. Mkulu wina amene tinagwira naye ntchito yoyeza tiyi anandikokera pambali.

"Achimwene, paukalamba uno? Munali kuti kodi?"

Ine, munthu woti makadi a sikelo a ana anga onse ndikusungabe m'sutikesi, wina andifunse komwe ndinali!

Tinapita kuchipatala cha boma, tonse awiri tinayezetsa magazi. Kachilombo sanakapeze, mwa ine kapena mwa mayi. Sindinakhutire. Ndinauza dokotala, mnyamata wakumpoto wolankhula modekha, kuti awerengenso asilikali a m'thupi mwa mayi, monga ankachitira ndi odwala ena.

"Bambo, makina aja amangowerenga mitu," anatero. "Akhoza kutiuza kuti asilikali alipo okwanira, koma sangatiuze kuti ndi okalamba."

"Okalamba? Magazi amakalamba?"

Dokotala anadzigogoda pafupa la pachifuwa. Anati kuseri kwa fupa limeneli kuli kachiwalo komwe maselo otchedwa T amaphunzirira ntchito yolimbana ndi matenda. Mwa mwana kachiwaloko n'kakakulu, koma munthu akamakula kamafota, m'malo mwake mumalowa mafuta. Choncho asilikali atsopano amabwera ochepa. Otsalawo ndi akale, amene agawikana kambirimbiri mpaka sathanso kuchulukana mdani akabwera. Safa msanga ayi. Amangokhala, kudzaza malo, ena n'kumatulutsa zinthu zotupitsa thupi popanda chifukwa.

"Amayi, munadwalapo katsabola?" anafunsa.

"Ndili kamtsikana, kwathu kwa Mphuka," anayankha mayi. "Tonse m'nyumba tinagona."

"Ndi yemweyo wadzuka. Sanachoke m'thupi. Anabisala m'mitsempha, asilikali akumulondera zaka zonsezi. Tsopano alonda atopa."

Matenda omwe mkazi wanga anadwala ndisanamudziwe n'komwe, tinagona nawo pamphasa imodzi moyo wonse! Ndinafunsa kuti nanga munthu angadziwe bwanji kuti asilikali ake afika pamenepa. Anati kumayiko komwe kuli zipangizo amayang'ana zizindikiro zapakhungu la selo, zina zimasowa, zina zimaoneka likakalamba. Kuno tiziyang'ana munthuyo: chimfine chosachoka msanga, chilonda chochedwa kupola, katemera wosagwira bwino, matenda akale obwereranso. Ndinakumbukira bala la khasu lomwe mayi anakhala nalo dzinja lonse, ine n'kumawanena kuti sakulisamala.

Anawonjeza mawu amene sindinafune kuwamva. Anati madzi a m'matuza akhoza kupatsira katsabola mwana amene sanadwalepo, choncho khanda lisayandikire mpaka nkhanambo zitauma. Ndiye kuti mpongozi anachita bwino, ngakhale chifukwa chake chinali chabodza. Zimenezi zimandipsetsabe mtima mpaka lero.

Nkhanambo zitauma ndinapita ndekha kunyumba kwa mpongozi. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, monga ndinazimvera. Mpongozi anamvetsera atawerama, kenaka analira.

"Bambo, mundikhululukire. Anthu amalankhula zambiri."

"Anthuwo asiyeni. Mawa mwana abwere."

Anabwera nayedi. Mayi anali atasesa kale pabwalo, atavala bulauzi ya kutchalitchi. Anamulandira mdzukulu wawo akuseka, akumunyoza m'Chilomwe kuti wanenepa ndi phala la eni ake. Anawerama, kumuika kumsana, n'kukoka chitenje kuti amange pachifuwa.

Kukuwa komwe mayi anakuwa sindinakumvepo chikwatirane. Mpongozi anathamanga kuwakha mwana. Matuza anali atapola, koma mitsempha ya pansi pake inali ikadali moto, ndipo chitenje chinadutsa ndendende pamzere uja. Dokotala anali atanena kuti kwa okalamba ululu umatha kutsalira miyezi, mwina zaka. Ine ndinazitenga ngati zonena chabe.

Mayi anayesanso mawa lake, kumangira mbali ina. Anayesanso atapinda nsalu yofewa pansi. Zinakanika. Mwana wokwawa sungamusunge pamiyendo tsiku lonse uku ukuphika, uku ukutunga madzi. Mpongozi anapeza mayi wina wa ku Bvumbwe woti azimulera, ndipo palibe amene akanamutsutsa.

Kuyambira pamenepo mwana ankabwera Loweruka lokha. Mayi ankakhala pakhonde, kumuika pamwendo wakumanja, dzanja lamanzere atatchinga pachifuwa kuti asawagunde. Mwanayo anayamba kuyenda, kenaka kuthamanga, agogo ake asanamuberekenso.