Makilomita amene tinawabera alamu

Alamu anga ndi telala, ndipo sanayambe anamizapo munthu za kukula kwa mimba yake. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ometera tsitsi. Muli makina osokera awiri, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi njinga yopachikidwa pakhoma. Ukalowa kuti akusokere buluku, amakuzunguliza tepi m'chiuno n'kutchula nambala mokweza, kaya pali anthu kaya palibe.

"42."

"Iyayi atelala, ine ndimavala 38."

"Munkavala. Tulutsani mpweya mwamezawo, bambo. Tepi sinama."

Dzina lawo linachokera pamenepo: a Tepi Sinama. Ine ndinakwatira mlongo wawo wamng'ono, ndipo tsiku loyamba kundiona anandiuza kuti phewa langa lamanzere n'lotsika. Ndinapsa mtima sabata yathunthu, kenako ndinakayang'ana pagalasi n'kupeza kuti n'zoona.

Njinga yawo si yonyamulira matumba. Ndi ija ya matayala oonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi, yopepuka moti umainyamula ndi dzanja limodzi. Ndi iwo anatikopa tonse asanu kuti tiyambe kupalasa Lamlungu lililonse m'mawa: ine, mphunzitsi, mkulu wina wogulitsa mankhwala, mayi wa ku banki, ndi makanika wa njinga, mnzawo wa alamu kuyambira ali ana. Aliyense asanakwere njinga yake koyamba, ankadutsa kaye pashopu. Alamu ankamuyeza mwendo, n'kukweza kapena kutsitsa chishalo, n'kulemba mzere ndi penti yofiira ya zikhadabo kuti wina asachisunthe. Mawondo anga anasiya kuwawa chifukwa cha mzere umenewo.

Pamsewu iwo ndiwo ankakhala patsogolo, kutiphwanyira mphepo. Tikafika pachitunda ankakwera n'kutidikira pamwamba, kwinaku akutinyogodola kuti tikupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo. Pahandulo anali ndi kamita kamene mwana wawo wamkazi anawagulira, kosonyeza liwiro ndi mtunda umene wayenda. Kamitako kamawerenga kuti tayala lazungulira kangati, ndiye umayenera kukauza kukula kwa tayala lako. Alamu ankakakhulupirira ngati tepi yawo.

Zaka zitatu zapitazo anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, nakhala miyezi inayi osakwera. Atabwerera anali ataonda, kabudula akuwalendewera. Lamlungu loyamba anatsalira pachitunda chimene kale ankachikwera akuimba mluzu. Titafika pashopu anayang'ana kamita kaja nthawi yayitali.

"19," anatero. "Liwiro la munthu wopita kukagula makala. Njingayi ndigulitsa."

Ndinawaona nkhope ndipo ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti akasiya njinga, chotsatira n'kukhala pampando kudikira imfa. Mawa lake makanika anatenga njinga ija ati akaithire mafuta. Ine ndinaigwirizira, iye akudinadina timabatani ta kamita kaja. Pamene panali 210, kukula kwenikweni kwa tayala m'masentimita, anaikapo 252. Kuyambira tsiku limenelo makilomita asanu aliwonse kamita kankawawerenga ngati asanu ndi limodzi. Tinasinthanso njira ya Lamlungu kuti asazindikire, n'kuwauza kuti ndi ya makilomita 60 pomwe inali ya 50. Tonse tinagwirizana zochepetsa liwiro ndi kumapumira m'mwamba mwadala tikakhala kumbuyo kwawo.

Zinatheka, ndipo chimenecho n'chimene chimandinyansa. Alamu anayambiranso kuseka. Ankabwera kunyumba kwathu n'kuuza mlongo wawo kuti, "Mwamuna wakoyu ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, koma ndimamusiya ngati waima." Ine ndinkaweramitsa mutu ngati wogonja, mumtima ndikudzitama kuti ndine munthu wachifundo.

Ndiyeno kunabwera ulendo waukulu wa njinga umene umachitika kamodzi pachaka: makilomita 120, ndipo uyenera kumaliza m'maola asanu ndi limodzi. Womaliza m'nthawi yake amalandira mendulo; wolephera, lole imamutola pamodzi ndi njinga yake. Alamu sanayambe akwerapo lole imeneyo, ndipo ankaitcha ngolo ya maliro. Anawerengera ndi choko patebulo lodulira nsalu: kamita kakuti 23 pa ola, ndiye amaliza nthawi ikadalipo yambiri. Analembetsa, koyamba kuchokera pamene anachitidwa opaleshoni. Anasoka malaya asanu ndi limodzi achikasu, a gulu lonse, aliyense ndi muyeso wake ndendende.

Tinali ndi miyezi itatu yoti tiwauze. Makanika ankati ndinene ndine chifukwa ndi alamu anga. Ine ndinkati anene ndi iye chifukwa anadina mabatani ndi iye. Mphunzitsi ankati mwina tsikulo kugwa mvula. Zengerezu adalinda kwawukwawu: tsikulo linafika, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Choipitsitsa sindinachinene. Titayenda makilomita ngati 30, anthu anayamba kutipitirira, magulumagulu. Mayi wa ku banki anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine. Tonse tinkadziwa kuti pa liwiro la alamu palibe amene alandire mendulo. Woyamba kuchoka anali wogulitsa mankhwala. Kenako mphunzitsi ndi mayi uja. Makanika anati akukaona ngati kutsogolo kuli madzi. Ndinatsala ndekha pambali pawo, miyendo ikundiyabwa.

"Anyamatawa apenga," alamu anatero. "Atopa msanga. Inu pitani mukawabweze mtima, alamu, ine ndikupezani."

Ndinapita, ndipo sindinacheuke.

Zotsalazo ndinazimva kwa mayi wina amene ankagawa madzi panjira, ndi kwa dalaivala wa lole. Pa theka la ulendo panali chikwangwani cholembedwa 60. Alamu anaima n'kuwauza ogawa madziwo mwaulemu kuti chikwangwani chawo chalakwika, pamenepo ndi pa 72, ndipo chaka chamawa ayeze bwino. Madzi awo, nthochi zawo ndi mphamvu zawo anazigawa motsatira kamita. Katasonyeza 110 anamwa madzi omaliza, naimirira pamapedulo, n'kuthira liwiro lonse limene anasunga. Katasonyeza 120 anadzutsa mutu kufuna chingwe chomalizira ndi anthu oombera m'manja. Panali msewu wokhawokha, ndi chikwangwani chonena kuti kwatsala makilomita 20.

Dalaivala akuti anawapeza patsogolo pang'ono akukankha njinga, miyendo itakungika. Anakana kukwera kawiri. Kachitatu anakwera okha, n'kukhala pakona atakumbatira njinga yawo.

Lole inafika ife titavala kale mamendulo pamalaya achikasu aja. Anatsika pamaso pa anthu onse. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso awo n'kuima pachifuwa panga.

"Simunatope," anatero. Ananena zokhazo.

Lolemba m'mawa ndinapita kushopu. Ndinawapeza atasuntha tebulo, atalemba mzere wa choko pasimenti ndi wina patayala. Anayendetsa njinga mpaka tayala litazungulira kamodzi, nalembanso mzere, n'kugwada kuyeza ndi tepi yawo. Anayeza katatu ine ndili chiimire pakhomo.

"210," anatero osandiyang'ana. "Kamita aka akuti 252. Anakauza ndani?"

"Alamu, munali mutadwala. Tinkangofuna kuti musangalale."

"Tinkafuna? Ndinu angati?"

"Tonse."

Anakhala pansi pomwepo pasimenti. Ndikanakonda akanandilalatira, kapena kundigenda ndi sizasi. Koma analankhula motsitsa, ngati akufunsa mtengo wa ulusi.

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi, pamene ndinkakunyogodolani pamaso pa mlongo wanga, munkandiseka mumtima?"

"Ayi, alamu."

"Mukanandiuza kuti ndine wa 19, ndikanalira sabata imodzi. Kenako ndikanayamba kulimbana ndi 20. Mwandibera zaka ziwiri zimene ndikanachira nazo zenizeni. Ndipo bodza lanulo litafika polemera, munalisiya ndi ine pamsewu, inu n'kuthamangira mamendulo."

Panalibe chonama pa zimene ananenazo. Makanika anabwera masana ndi mawu ake okonzakonza, koma alamu sanaimitse makina. Anasoka mpaka mnzawo amene anadziwana naye zaka makumi asanu anatopa kuima n'kuchoka.

Njinga sanagulitse. Amakwerabe Lamlungu, koma okha, molowera kwina, pahandulo palibe kanthu. Gulu lathu latsala la anthu atatu, ndipo palibe amene amafuna kukhala patsogolo.

Mwezi watha mwana wanga wamwamuna ankakwatira, ndipo mkazi wanga anati n'zosatheka kuti suti ya bambo wa mkwati isokedwe ndi munthu wina mchimwene wake ali moyo. Ndinapita mwamanyazi. Alamu anandilandira bwinobwino, nandizunguliza tepi m'chiuno.

"36," anatero.

Ine 36 ndinaisiya ndisanakwatire. Koma ndinati mwina ndi njingayi, ndipo kunena zoona ndinatuluka mushopumo ndikumwetulira. Ndinakauzanso mkazi wanga.

Suti inabwera kutatsala tsiku limodzi. Jekete linakhala bwino kwabasi, phewa lamanzere atalikonza monga mwa nthawi zonse. Koma buluku linakana. Ndinameza mpweya, ndinagona chagada pabedi, zipi osafika ndi pakati pomwe. Ndinathamangira kushopu nalo m'manja.

"Alamu, bulukuli silikutseka."

Anachotsa phazi pamakina, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndikudziwa. Ndinu wa 40."

"Nanga bwanji munati 36?"

"Ndinkangofuna kuti musangalale."

Ku ukwati ndinavala jekete latsopano ndi buluku lakale losiyana mtundu, ndipo zithunzi zonse zikuonetsa zimenezo. Buluku la alamu lili m'kabati mpaka lero. Nditalipinda kuti ndilisunge ndinamva kanthu kolimba m'thumba lakumanja. Kanali kamita kaja, kakusonyezabe 120.