Chingwe cha Mayi a Thovu

M'kanjira komwe masiku ano anthu amabwera pagalimoto kudzamwa khofi ndi kudzijambula, nyumba yakale yatsala imodzi yokha. Mumakhala mayi ena ochapa zovala za anthu. Dzina lawo lenileni linathera m'beseni. Aliyense amangoti Mayi a Thovu. Manja awo ndi otuwa mpaka m'zigongono, zala zong'aluka ndi sopo. Ana awo onse anakulira pansi pa chingwe chimodzi, chochoka pazenera lawo kukamangika pamsomali wa khoma la kalipentala, tsidya la kanjirako.

Kalipentala anasamuka lendi itakwera. M'shopu mwake munalowa mnyamata wa ndevu zosamalidwa ngati maluwa, amene mayiwo anamutcha Kandevu. Anapenta khoma, anaika matebulo panja, ndipo m'mawa wina mayiwo anapeza chingwe chawo chitadulidwa, chitakulungidwa bwinobwino pakhomo pawo. Atafunsa, Kandevu anawafotokozera mwaulemu wonyansa kuti alendo sangamwe khofi akuyang'ana makabudula a anthu ena. Mawu aliwonse ankayamba ndi "mama".

Anayamba kuyanika m'nyumba: pamipando, pachitseko, kumutu kwa bedi. Dzuwa silinkalowa, nyumba zosanja zatsopano zinali zitalitsekereza. Zovala zinayamba kununkha chinyontho, makasitomala nkumachoka mmodzimmodzi. Panangotsala nyumba yogona alendo ya kumtunda, yomwe inkawapatsa nsalu za pabedi. Woyang'anira wake ananunkhiza mtolo, nakwinya mphuno, nanena kuti akadzabweretsanso zotere, ntchito ipita kwa ochapa ndi makina.

Sabata yomweyo Kandevu anamanga chingwe chakechake, pamsomali womwe uja, kukafika papolo ya magetsi pafupi ndi zenera lawo. Anapachikapo timababu ndi tizovala tamitundumitundu, timalaya tomwe sitinalaweko thukuta la munthu, kuti kanjirako kazioneka ngati kale. Alendo ankaima pansi pake nkumasekerera mafoni awo. Mayi a Thovu anayang'ana pazenera. Anauza mng'ono wawo, amene anabwera kudzacheza, kuti anthu awa umphawi amaukonda ukakhala wochapachapa, mwini wake atachotsedwapo. Mng'onoyo anati angosamuka akakhale kwa iye, ulemu wawo usathere pachingwe. Iwo anamufunsa ngati kwakeko anthu amadya ulemu.

Loweruka, dzuwa litakwera, matebulo atadzaza, Mayi a Thovu anatuluka beseni lili pamutu. Anathothola tizovala tija kamodzikamodzi nkutiunjika pampando wopanda munthu. Kenako anayanika nsalu zawo, zazikulu, zolemera ndi madzi. Chingwe chinawerama. Madontho anagwera m'kapu ya mtsikana wina wa magalasi akuda.

Kandevu anatuluka chothamanga, koma anapeza mafoni onse ali m'mwamba. Ukali unamuthera pakhosi, mano onse panja. Anauza alendo kuti awa ndiwo mama athu, eni ake enieni a dera lino, ndipo anafuna kuwagwira paphewa kuti ajambulitse limodzi.

"Chotsa dzanja, mwanawe," anatero mayiwo osakweza mawu. "Mayi ako ali kwanu. Ine ndili pantchito."

Iye anawanong'oneza kuti akambirane ngati anthu: aziyanika Loweruka lokha, za mitundu yowala, makabudula ayi.

"Dzuwa silituluka Loweruka lokha," anayankha. "Chingwe changa unadula ndili m'tulo. Ichi ndi chako. Chikakunyansa udule, alendo ako akuona."

Anatembenuza beseni nkukhalapo pakati pa matebulo, manja atapinda, kulondera nsalu zawo. Wina anawapempha kuti amwetulireko pang'ono. Anamuyang'ana mpaka foni inatsika yokha. Khofi amene Kandevu anawabweretsera anazizirira pansi, ntchentche zikumwa.

Pofika madzulo nsalu zinali zitauma gwa, zikununkhira dzuwa. Woyang'anira nyumba yogona alendo uja ananunkhiza, nkuwapatsa mtolo wina.

Lolemba m'mawa anayanikanso. Pakati penipeni, moyang'anizana ndi khomo la Kandevu, anapachika kabudula wa mwana wawo wamwamuna, wong'ambika kumbuyo, nkumupana ndi zopanira ziwiri kuti mphepo isamugwetse.