Tsiku Limene Ndinanyamula Phazi pa Buleki

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, nkhope yawo imachedwa kubwera. Limayamba ndi fungo la mafuta a mabuleki, lowawa m'mphuno, losakanikirana ndi la usipa wouma pamathandala kuseri kwa nyumba yathu ku Mbamba Bay, ndi utsi wa mbaula ya aneba umene unkadutsa pampanda n'kudzakhazikika pansi pa mtengo wa mango pomwe pankakhala galimoto yawo. Kenako ndimamva sipanala ikugwa pamwala, ndipo mtima umandigunda, chifukwa sipanala ikagwa choncho chotsatira chinali dzina langa.

Agogo anachoka ku Nkhotakota ali mnyamata, nawoloka nyanja kudzayendetsa malole, ndipo sanabwererenso. Anthu a m'tauni ankawatchula Mzee Malenga. Kunja ankayankhula Chiswahili, pakhomo Chichewa chokhachokha, koma cha mawu owerengeka. Sanandimenyepo. Izi ndiyenera kunena, chifukwa ndikauza anthu kuti ndinkawaopa amaganiza za chikoti. Iwo ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kudikira, mpaka iwe wekha uyambe kufunafuna chimene walakwa.

Ine ndinabwera kwa iwo ndili ndi zaka khumi, kuchokera kumudzi ku Ngumbo, mayi atapeza ntchito kutali. Pondisiya, mayi anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Agnesi, kwa agogo ako kulibe kukana. Akakufunsa kanthu uziti eya." Mawu amenewo ndinawasunga kuposa pemphero lililonse.

Galimoto ya agogo inali yakale, yoyera kale koma itasanduka mtundu wa phulusa. Ankanyamulira matumba a usipa kupita nawo ku Mbinga, kumapiri, n'kubwerako ndi chimanga. Kwa fundi sankapitako. Ankati fundi amakonza galimoto n'kutsala pagalaja, pomwe wotsika nayo phiri ndi iwe.

Loweruka lina loko wa buti anakana. Kiyi ankangozungulira osatsegula kanthu. Agogo anagwetsa mpando wakumbuyo, nasuzumira pabowo lolowera m'buti, kenako anayang'ana mapewa awo, n'kuyang'ana ine.

"Iwe ukwana. Ukuopa mdima?"

"Ayi, agogo."

Ndinkauopa kwambiri. Anandipatsa bisibisi, kachitsulo komasulira masikuluwu, n'kundiuza kuti ndikafika kumapeto ndipapase kumbuyo kwa loko, ndipeze kachitsulo kokhota, ndikakankhire kumanja. Ndinakwawa. Munali motentha ngati mu uvuni, mamba a nsomba akundimatirira m'mawondo, mpweya wake wonunkha mchere ndi mphira, ndipo mpando utabwerera wokha n'kutseka kuwala konse ndinafuna kukuwa, koma ndinaluma kolala ya diresi. Ndinapapasa nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'kamwa. Kachitsuloko katasuntha, buti inatseguka, dzuwa n'kundigwera kumaso. Ndinafulumira kupukuta nkhope ndi mkono agogo asanaone.

Pampanda panali pataima Mama Haule, neba wathu wogulitsa usipa, mwana wake wakhanda ali kumbuyo. Chichewa chake anachitolera kwa amalonda a padoko, ndipo iye sankawaopa agogo.

"Mzee, mdzukulu mwamuyesa khoswe? Mawa mumulowetsa mu injini."

"Uyu ndi munthu," anatero agogo. "Alibe mantha, ndipo sanama."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Koma aka kanali koyamba kumva akundiyamikira, ndipo ndinayenda masana onse ngati ndasenza ndowa yodzaza, kuopa kutaya ngakhale dontho.

Madzulo ake anagwira mabuleki. Anasintha mapadi akutsogolo ndi kapaipi kamodzi kamene kankadontha, kenako anandiitana n'kundikhazika pampando wa dalaivala. Anandifotokozera kamodzi kokha. M'mapaipi mwalowa mpweya, ndipo mpweya suimitsa galimoto. Iwo akhala pansi pa tayala lililonse, pomwe pali kanati kotulutsira mpweyawo. Akati pompa, ndipondeponde chopondera cha buleki. Akati gwira, ndiponde osasiya, iwo amasule kanatiko, mafuta ndi mpweya zituluke. Ndisanyamule phazi mpaka atamanganso n'kunena kuti siya.

"Ukanyamula ndisanamange, galimoto imeza mpweya wina. Wamva?"

"Eya, agogo."

Miyendo yanga inali yaifupi. Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, manja atagwira chiwongolero. Matayala atatu tinamaliza bwino. Pompa. Gwira. Siya. Mafuta ankathira m'kachitini, nkhuku zikuzungulira miyendo ya agogo yotulukira pansi pa galimoto. Pa tayala lomaliza, lakutsogolo kumbali ya dalaivala, mwendo unali utayamba kunjenjemera. Agogo atamasula kanati, chopondera chinamira mpaka pansi, ine n'kutsetsereka pampando. Podzikweza, phazi linanyamuka lonse. Ndinalibwezera msangamsanga.

"Wagwirabe?" anafunsa ali pansipo.

"Eya, agogo."

Anamanga. Atatuluka anapukuta manja, nakhala pampando, naponda buleki kangapo. Nkhope yawo inasintha pang'ono.

"Ikufewa. Agnesi, sunanyamule phazi?"

Apa ndi pamene ndimabwerera kawirikawiri m'maganizo. Panalibe mlendo, panalibe chikoti. Ndikananena, ntchito yake inali ya mphindi zochepa. Koma ndinakumbukira zimene anauza Mama Haule m'mawa muja.

"Ayi, agogo."

"Ndiye ndi mapadi atsopanowa. Akhazikika m'njira."

Anandikhulupirira kuposa phazi lawo, phazi limene linayendetsa malole zaka zonse zija.

Lolemba kunalibe sukulu, ndipo agogo anati ndipite nawo ku Mbinga, ngati mphotho. Mama Haule anakwera kutsogolo ndi mwana wake, ine kumbuyo pambali pa thumba la usipa limene linatsala posakwana m'buti. Nthawi imeneyo msewu unalibe phula. Popita ndi chitunda pafupifupi njira yonse, ndipo galimoto yokwera safuna buleki kwenikweni. Ndinayamba kudziuza kuti mwina mpweya unatuluka wokha. Mwina phazi silinanyamuke kwambiri. Komabe maso anga sanachoke pa bondo la agogo, ndipo nthawi iliyonse akafuna kuima ndinkaona bondolo likutsika kawiri m'malo mwa kamodzi.

Ku Mbinga anandigulira mandazi, ine n'kungowagwira m'manja osadya. Anapakira matumba a chimanga m'buti ndi pampando wakumbuyo mpaka galimoto inakhala pansi ngati bakha, ine nditapanikizika pachitseko. Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono.

Pali malo amene msewu umafika pamwamba, nyanja n'kuonekera pansi kutali, yopyapyala ngati lata. Kuchokera pamenepo ndi kutsika kokhakokha, njira yokhotakhota, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho limene umaona nsonga za mitengo osaona mizu yake. Titayandikira pamenepo ndinatsegula pakamwa.

"Agogo."

"N'chiyani?"

Anandiyang'ana pagalasi, pamwamba pa magalasi awo.

"Palibe."

"Akufuna kutchire ameneyo," anatero Mama Haule akuseka. "Nena, mwanangu, mzee naye amapita."

Tinayamba kutsika. Pakona yoyamba bondo linatsika kawiri. Pachiwiri, katatu. Mama Haule ankafotokoza za mlamu wake amene anagula injini ya boti asanagule boti. Mwana ankayamwa, kaphazi kake kakugunda chitseko. Ndinamva fungo la chinthu chopsa. Pakona yachinayi kapena yachisanu agogo anaponda, ndipo ndinamva chopondera chikugunda pansi, phokoso lomwe lija ndinalimva pansi pa mango. Galimoto sinamve. Chimanga chinkatikankha kumbuyo ngati dzanja.

Agogo anapondaponda mofulumira, nalowetsa giya yotsika, injini n'kulira ngati ikung'ambika. Mama Haule analekeza nkhani pakati, nafungatira mutu wa mwana ndi manja onse awiri. Kutsogolo kunali kona ina, ndipo kuseri kwake kunalibe kanthu koma mlengalenga.

"Ndinanyamula phazi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. Ndinabwereza mokweza. "Agogo, Loweruka lija ndinanyamula phazi."

"Gwira mpando," anayankha.

Anakoka handibuleki pang'onopang'ono, kusiya, kukokanso, matayala akumbuyo akukhuluza miyala. Kenako anapotoza chiwongolero kulunjika kukhoma la phiri, mwadala. Mbali ya galimoto inakhula dothi ndi udzu, kagalasi kam'mbali kanathyoka, dothi lofiira linalowa pawindo n'kutithira m'maso. Tinakhula choncho mtunda umene sindiudziwa, mpaka tayala linalowa m'ngalande, galimoto n'kuima, injini n'kuzima.

Kenako mwana anayamba kulira. Mama Haule anatulukira kuchitseko cha dalaivala agogo atatsika, nakakhala pansi m'mbali mwa msewu, akunena pemphero m'chiyankhulo cha kwawo. Agogo anatola miyala ikuluikulu inayi n'kuika kutsogolo kwa tayala lililonse. Ine ndinatsala m'kati, ndikudikira. Ndinaganiza kuti lero ndiye andimenya, ndipo ndinalakalaka atatero.

Anatsegula buti, nasuntha thumba, natulutsa sipanala, kachitini ndi botolo la mafuta otsala. Anadikira kuti matayala azizire. Kenako anatsegula chitseko cha dalaivala.

"Bwera ukhale apa."

"Mzee," anatero Mama Haule ali pansi pomwepo, "mwana yemweyo? Lekani ndiponde ine."

"Yemweyo."

Ndinakhala. Galimoto inali itaweramira kumtsetse, ndipo pagalasi lakutsogolo ndinkaona kona ija imene sitinaifike. Agogo anavula jekete, nalipinda, naliika kumsana kwanga kuti ndifikire bwino.

"Loweruka ndinayenera kukuikira ichi," anatero. "Kumeneko n'kulakwa kwanga. Tsopano tamvera. Phazi limanyamuka, ngakhale la munthu wamkulu. Likanyamuka uziti lanyamuka. Basi."

Anagona pansi m'fumbi. Pompa. Gwira. Chopondera chinamira, ndipo mwendo wanga unadumpha.

"Wagwirabe?"

Eya anali atafika kale pamilomo. Ndinamumeza.

"Lanyamuka, agogo."

"Chabwino. Tiyambirenso."

Linanyamukanso kachiwiri, ndipo ndinanenanso. Kachitatu ndinagwira mpaka anati siya. Ndinamva mpweya ukutuluka ngati munthu akulavula, kenako mafuta okhaokha. Tinabwereza matayala onse amene dzanja lawo linafikira. Ataponda okha, chopondera chinaima pamwamba, cholimba.

Anyamata awiri odutsa ndi njinga anatithandiza kukankha kutuluka m'ngalande. Tinatsika phiri lonse ndi giya yoyamba, pang'onopang'ono, moti mayi wina wosenza nkhuni anayenda nafe limodzi kanthawi. Pamapeto pake tinaona madenga a Mbamba Bay. Potsika, Mama Haule anayang'ana mbali yokhulika ija, n'kunena kuti galimotoyo inkafunika penti kuyambira kale. Anaseka yekha, koma sabata yotsatira usipa wake anaukweza pa basi. Mwana wake uja ndi mnyamata tsopano. Tikakumana pamsika amandipatsa shikamoo, moni wa ulemu wopatsa akulu, sadziwa kanthu, ndipo ine ndimayang'ana pansi.

Agogo sanaitchulenso nkhaniyi, ngakhale kwa mayi atabwera pa Khirisimasi. Chimene chinasintha n'chakuti funso lililonse anayamba kundifunsa kawiri. Wakhuta? Eya, agogo. Ankadikira pang'ono, n'kunena kuti, "Yankho limenelo ndi la ulemu, ndalandira. Tsopano ndipatse lenileni." Zinkandichititsa manyazi, makamaka pa alendo, koma sanaleke mpaka chaka chimene anamwalira.

Lero ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kakang'ono m'mbali mwa nyanja, kutsuka zitsulo zothandizira odwala, kuziwiritsa pa makala, ndi kuthandiza anamwino. Manyazi sanandichoke. Namwino wamkulu akandifunsa ali wothamanga ngati zitsulo zawira nthawi yokwanira, eya amatuluka ndisanaganize n'komwe, monga kale. Kulibenso wondifunsa kachiwiri. Ndiye ndimaima pakhomo n'kudzifunsa ndekha. Masiku ambiri yankho limakhala lomwelo. Koma mwezi wathawu makala anazima pakati, ine n'kuyankhabe kuti eya, ndipo ndinawatsatira namwinowo mpaka m'chipinda cha odwala, pamaso pa anthu onse.

"Pepani, amayi, ndinayankha msanga. Sizinawire. Ndipatseni ndikayambirenso."