Apongozi Anga Ali Pangodya

Chipewa cha kamera chikatalika kuposa muyeso chimadya ngodya zinayi za chithunzi. Ine chinandidyera apongozi anga.

Inu owerenga, chipewa ndikunenachi ndi kachitini kakuda kamene kamavekedwa kutsogolo kwa lenzi, diso la kamera, kuti dzuwa lisalowe cham'mbali. Kamera yanga ndi ya filimu, yosiya malume amene ankajambula anthu pa Kasungu Boma. Chipewa chake chinatayika kalekale, choncho ndinadula paipi yakuda yothirira nazale n'kuyiveka. Ndinaidula yaitali, poganiza kuti mthunzi ukachuluka chithunzi chikoma. Sindinayeze.

Makolo a mkazi wanga anali matenanti pa esiteti ina kwa Wimbe. Fodya atatha kusankhidwa, anakonzeka kubwerera kwawo ku Phalombe osadzabweranso. Mayi a mkazi wangayo ankakana kujambulidwa pa foni. Ankati chithunzi cha m'foni chimafa ndi batire. Cha pepala chokha ndicho anavomera.

Madzulo amene ndinawajambulawo ndimawalotabe. Dzuwa linali litapendeka kuseri kwa chigafa, fumbi likuyandama ngati ufa wagolide, fungo la fodya wouma lili ponseponse. Banja lonse linandanda. Koma mukudziwa mwambo wathu: mpongozi sayandikira mkamwini, sayang'anizana naye. Mayiwo anakakhala pansi kumapeto kwenikweni, nkhope atapotolera kumunda. Mkazi wanga anawachonderera kuti asendere pakati. Anaseka chamumtima n'kuti, "Auzeni bambowo ajambule, makina awo ali ndi maso kuposa ine."

Pa kawindo ka kamera kosuzumirapo ndinkawaona bwinobwino. Ndinaiwala kuti kawindo ka kamera imeneyi kali pakepake, sikaona kudzera mu lenzi.

Filimu inakatsukidwa ku Lilongwe. Zithunzi zitabwera, chilichonse chinali ngati ukusuzumira kunja uli pansi pa chitsime: pakati kuwala, m'mbali mdima. Pangodya yamunsi, pamene panakhala apongozi, panatsala dzanja limodzi lili pabondo ndi kansonga ka chitenje cha maluwa. Mvula isanagwe, uthenga unafika kuti atisiya.

Muyeso wa chipewa ndinauphunzira mochedwa. Lenzi yanga ndi ya mamilimita 28, yoona patambalala. Pa lenzi yotere, chipewa chikatalika ndi sentimita imodzi, kukamwa kwake kuyenera kukula ndi sentimita imodzi ndi theka. Paipi sikula kukamwa. Ndiponso pali njira yosafuna masamu: musanaike filimu, tsegulani kumbuyo kwa kamera, yalani pepala lopyapyala pamene pamakhala filimu, tsegulani diso n'kulozetsa kumwamba. Ngodya zikada, dulani chipewacho. Chachifupi chimangolowetsa kadzuwa pang'ono, koma chachitali chimachotsa munthu.

Abale anga, yezani musanaitane anthu. Ndipo yang'anani amene akhala kumapeto, chifukwa kuno kwathu aulemu ndi amene amakhala kumeneko.

Mkazi wanga sanandikalipire. Chimodzi mwa zithunzizo anachiika m'Baibulo, ndipo nthawi zina ndimamupeza akusisita dzanja lija ndi chala. Amati akalipenyetsetsa limaoneka ngati likufuna kusuntha.

Mwezi wamawa tikupita ku Phalombe kukamanga chiliza. Achibale atumiza mawu kuti tisaiwale chithunzi cha mayi, poti anamva kuti mkamwini anawajambula. Tidzanyamula chithunzi chomwechi.