Chaka Chimene Suzani Anabwerako ku Koreya

Ndikakumbukira Scarborough wa m'zaka za m'ma 1970, chimene chimayamba kundibwerera si chipale chofewa ayi, koma bafa la mayi Yun litadzaza ndi kabichi. Anali kabichi wamtali uja wa masamba ofewa, wong'ambidwa pakati, wowazidwa mchere wokhakhala, ataunjikana mpaka kugunda mpopi. Chaka chilichonse mitengo ikayoyola masamba, mphepo n'kuyamba kuluma makutu, banja la a Yun linkasiya kusamba tsiku limodzi kapena awiri kuti bafalo ligwire ntchito imeneyi, ndipo fungo la adyo, tsabola ndi tinsomba tamchere linkadzaza kolido yonse ya nsanjika yathu mpaka kukalowa m'chikepe. Azungu oyandikana nafe ankadutsa atagwira mphuno, ena n'kukadandaula kwa woyang'anira nyumbayo. Amayi anga okha ndi amene ankaima pakhomo n'kumakoka mpweya mosangalala, amvekere apa ndiye pakukhala anthu.

Ife tinali anthu a ku Ntcheu. Bambo ankagwira ntchito yopima magazi pachipatala, amayi ankasamalira nkhalamba kunyumba ina yosungirako okalamba, ulendo wa mabasi awiri. Ine ndinabadwira kumudzi, ndinabwera ku Canada nditatsala pang'ono kuyamba sukulu, koma mng'ono wanga Madalo anabadwira konkuno, ndipo chaka chimenecho anali asanalowe giredi yoyamba. A Yun anali anthu a ku Koreya, ankakhala moyang'anizana nafe, ndipo anali ndi kagolosale pansi pa nyumba yathu. M'kagolosalemo ndi mmene amayi anapeza tinsomba touma tofanana ndi usipa, ndipo ubwenzi wawo ndi mayi Yun unayambira pomwepo, ubwenzi wa Chingerezi chothyokathyoka, manja ndi kuseka. Nyengo ya kabichi ikafika tinkaitanidwa kukathandiza. Ine ndinkatsuka masamba m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi, n'kumanyamula mitsuko yodzaza kupita nayo pakhonde, pomwe Madalo ntchito yake inali kulawa, kulira ndi tsabola, kenako n'kupemphanso. Tikatopa tinkathamangira m'kolido kukatsetsereka ndi masokosi, kapena ndinkamuphunzitsa phada wa zitsekerero za mabotolo, iye n'kumabera poyera, osachita manyazi. Tinkagona bedi limodzi, ndipo tulo sitinkamugwira asanagwire khutu langa.

Vuto linali limodzi: Madalo sankalankhula Chichewa. Kumva ankamva pang'ono, makamaka mawu odzudzula, koma ankayankha m'Chingerezi, Chingerezi cha m'mphuno chimene ngakhale bambo nthawi zina ankachita kufunsa kawiri. Bambo zimenezi zinkawadya mumtima. Mnzawo wina, a Mbewe, anali atamaliza maphunziro ku yunivesite ya ku North York ndipo ankabwerera kumudzi ndi akazi awo Khirisimasi ikadutsa. Bambo anafuna kuti Madalo apite nawo, akakulire kwa mayi athu aakulu ku Ntcheu, lilime lisanaume. Nkhaniyi ankaikamba patebulo Madalo ali pomwepo akuseweretsa supuni, podziwa kuti sakutolapo kanthu, koma ine ndinkamva zonse. Amayi ankakana kwamtuwagalu. Ndinkadziwa bwino kuti mng'ono wanga akadali m'nyumbamo chifukwa cha kukana kwa amayi basi, ndipo kukanako kunatsamira pa munthu mmodzi, Suzani.

Suzani anali mwana yekhayo wa a Yun, mtsikana wamtali wa magalasi, mphunzitsi wochita kuphunzira ku koleji. Anabadwira ku Toronto, makolo ake atabwera kale kwambiri, nthawi imene munthu wa ku Koreya unkachita kumufunafuna mumzindawu. Ali wamng'ono aphunzitsi anauza makolo ake kuti azilankhula naye Chingerezi chokha kuti asamasokonezeke m'kalasi, iwo n'kumvera, moti anakula osadziwa Chikoreya kupatula mayina a zakudya. Komabe m'chilimwe cha chaka chimenecho anaitanidwa kukaphunzitsa Chingerezi kwa zaka ziwiri pasukulu ya atsikana, m'tauni ya kwawo kwa bambo ake. Bambo Yun anagawa maswiti kwa mwana aliyense wolowa m'golosale, munthu amene ngakhale ndodo ya machesi sankapereka ulere. Ndiye bambo anga akayambitsa nkhani yawo ija, amayi ankangoloza chitseko cha a Yun.

"Nanga Suzani? Chinenero cha kwawo sachidziwa, koma si uyo amuitana ndi ulemu wonse? Madalo nayenso akadzakula kwawo akamulandira. Mwana wanga si kalata yoti n'kupositidwa, bambo ake a Madalo."

Suzani anapita masamba ali obiriwira, anabwerako asanathe kuyoyoka. Panalibe maswiti ulendo uno. Tinangomva kuti ali m'nyumba, ndipo bambo Yun ankapereka chenji osayang'ana munthu kumaso. Tsiku la kabichi litafika mayi Yun anatiitana monga mwa chaka chilichonse, poti kabichi anali atagulidwa kale. Tinakhala pansi m'khitchini mwawo pa manyuzipepala, mabeseni ofiira ndi tsabola ali pakati, mawindo atachita nthunzi. Suzani anakhala pakona atavala juzi ya bambo ake, atawonda moti magalasi ankamutsetsereka pamphuno. Amayi anga, amene funso sankatha kulisunga m'kamwa, anamufunsa kuti kumudzi kunali bwanji.

Anafotokoza osakweza maso, manja ali m'beseni. Anati mavuto anayambira pabwalo la ndege, pamene wapolisi anamulankhula Chikoreya, iye n'kupepesa m'Chingerezi, wapolisiyo n'kuganiza kuti akudzitama. M'basi, pamsika, paliponse zinali chimodzimodzi, anthu ankaona nkhope ya kwawo n'kukwiya kuti pakamwa sipakutuluka za kwawo. Ana a m'kalasi mwake poyamba ankayesa kuti akunamizira, ndiye ankamutukwana akumwetulira kuti aone ngati atembenuke. Makolo anakadandaula kuti analonjezedwa mphunzitsi wakunja, osati mwana wawo yemwe wosalankhula. Pasukulupo panalinso mnyamata wachizungu wa ku America, amene akatchula mawu awiri a Chikoreya, ngakhale mokhotetsa, anthu ankamuwombera m'manja. Suzani anapita kukaona azakhali ake, mlongo wa bambo Yun, ndipo mayi wokalambayo anamugwira masaya n'kumalankhula akulira kwa nthawi yaitali, kenako ataona kuti mwanayo akungomwetulira anamusiya n'kukakhala choyang'ana kumbali. Koma chimene chinamutsiriza chinachitika m'chipinda cha aphunzitsi m'mawa wina wozizira. Mphunzitsi wamkulu, bambo wa imvi, anachita kumuthirira yekha tiyi n'kumupatsa pamaso pa onse, ndipo Suzani analandira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba la jekete.

"Ndi dzanja limodzi?"

Mawuwa anawapulumuka amayi m'Chichewa, asanaganize n'komwe, ndipo palibe anafunika kumasuliridwa. Ine ndemwe ndinadziwa kukula kwa mlanduwo, chifukwa kwathu mwana wolandira chinthu kwa wamkulu chonchi amakumbukiridwa mpaka tsiku la ukwati wake. Suzani anati mzungu uja ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku ndipo ankangomuseka mwachikondi, koma kwa iye chipinda chonse chinangoti zii. Mphunzitsi wina wachikulire ananena mawu pang'ono. Suzani atakakamiza mnzake kuti amumasulire, anamva kuti anati mwanayu musamuimbe mlandu, mlandu ndi wa amene anamubereka n'kumusiya akule ngati wopanda kwawo. Suzani anawabwereza mawuwa mayi ake ali pomwepo. Mayi Yun sanasiye kupaka tsabola, tsamba ndi tsamba, koma ankapaka kabichi yemwe uja amene anali atamaliza kale.

Nthawi yomweyo Madalo analowa kuchokera m'kolido, thukuta lili kamukamu, mayi Yun n'kupukuta manja n'kumupatsa chibenthu cha apozi. Anachitsomphola ndi dzanja lamanzere, n'kukuwa kuti "Thanks!" ali kale pakhomo. Ankachita choncho masiku onse ndipo palibe ankalabadira. Tsiku limenelo amayi anamutsatira ndi maso mpaka chitseko chitatsekeka, ndipo ndinachita mantha amene ndinali ndisanachitepo. Patapita masiku ochepa anabwera kuchokera kuntchito atanyamula kasutikesi kabuluu, n'kukaika pamwamba pa wadirobu.

Ndinalira, ndinagwada, ndinalonjeza kuti Madalo ndimuphunzitsa ndekha Chichewa. Disembala yense ndinamusandutsa mwana wasukulu. Tikatsikira kuchipinda chochapira zovala pansi pa nyumba, makina akuzungulira, fungo la sopo lili tho, ndinkamugwaditsa pasimenti n'kumamubwerezetsa moni, kuthokoza ndi kulandira kapu ndi manja awiri, malipiro ake chingamu. Lamlungu lina titabwerako kutchalitchi ndinamubweretsa pamaso pa makolo ngati mbuzi ya pachionetsero. Anagwada bwinobwino, anati, "Mwaswera bwanji, ababa?" mawu onse ali m'malo mwake. Bambo anamuyankha mofatsa, n'kumufunsa m'Chichewa kuti kutchalitchi waphunzirako chiyani lero. Madalo anandiyang'ana ine, n'kuyamba kufa ndi phwete, amvekere, "Did I win?" Bambo sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

Suzani atamva za sutikesiyo anabwera kwathu yekha. Anaima m'khitchini n'kuchonderera amayi m'Chingerezi kuti iye sanafotokoze zija kuti mwana achotsedwe m'manja mwa make, kuti angalole kusekedwa ndi Koreya yense kusiyana n'kukula osaona mayi ake. Ine ndinali pambali pake ndikugwedeza mutu pa liwu lililonse. Amayi anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamuyankha mosakaniza, monga ankachitira akatopa.

"Suzani, my daughter, ndinaona nkhope ya amayi ako tsiku lija. I saw her face. Ine sindingathe kudzamva mawu amenewo kuchokera pakamwa pa mwana wanga."

Madalo ananyamuka mu Januwale. Anamuuza kuti akukaona mbuzi ndi nkhuku zenizeni, ndipo anakanyadira nazo kwa ana onse a m'nsanjika yathu. Pabwalo la ndege anagwira dzanja la mayi Mbewe, atavala jekete yake yofiira ya chisanu, n'kutibayibitsa mothamanga ngati akupita kusukulu ya Sande. Pobwerera m'basi amayi anafumbata timagolovesi take, timene anamuvula poti kumudzi sitikagwira ntchito. Mtsuko wa kabichi umene mayi Yun anatipatsa chaka chimenecho unakhala pakhonde mpaka chipale chitasungunuka, wosatsegulidwa. Ine ndinadana ndi Suzani kwa miyezi yambiri, kenako ndinadana ndi bambo, kenako ndinatopa.

Suzani sanaphunzitsenso. Anakhala kuseri kwa kauntala ya golosale ija mpaka makolo ake ataigulitsa, ndipo anthu a ku Koreya amene ankangofika kumene zaka zimenezo akamulankhula chinenero chawo, ankangoloza mtengo papepala. Ndakhala ndikuyesa pa sikelo zimene anachita a Yun ndi zimene anachita makolo anga, ndipo mpaka lero sindinapeze amene anachita bwino, ngakhalenso amene ndingamuimbe mlandu. Onse ankakonda ana awo, onse anamvera malangizo amene ankaoneka anzeru pa nthawiyo. Ndimangodziwa kuti pa nsanjika ija panalibe njira imene mwana akanadutsa osatayapo chinthu chachikulu.

Poyamba ankati Madalo akakhala zaka ziwiri kapena zitatu, koma zinthu zinavuta, za mapepala kuno ndi za kumudzi komwe, moti tinakamuona ine nditamaliza kale sekondale. Tinapeza mtsikana wamtali, wofatsa, akutsika kuchokera kudimba atasenza mtolo wa nyemba. Chichewa chake chinali chokoma kuposa changa, cha ku Ntcheu chenicheni, ndipo bambo atangomumva anavula magalasi n'kupukuta maso. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, ndi ulemu wonse umene makolo anga ankaulakalaka. Amayi anatambasula manja onse awiri kuti amukumbatire, iye anangogwirako zala n'kubwerera m'mbuyo mwamanyazi. Kenako anatembenukira kwa mayi athu aakulu n'kufunsa motsitsa mawu, kuti tisamve.

"Amayi, alendowa tiwayalire chipinda chiti?"